Thenga wa m'Botolo

Ku Bolero kunalibe munthu wosadziwa kuti a Overton Luhanga anakafikako ku Scotland. Ngakhale mlangizi wongotumizidwa kumene ndi boma kuchokera ku Thyolo ankaimva nkhaniyi asanapeze n'komwe nyumba ya lendi. Anapitako kalekale, ali mphunzitsi wamkulu, pa ulendo wa aphunzitsi umene mpingo unakonza. Sanakhalitseko, koma ulendowo anakhala akuutafuna moyo wawo wonse ngati nzimbe yosatha madzi. Anzawo anabwerako ndi mabuku a nyimbo, iwo anabwerako ndi mphuno yodziwa wisiki.

Mzungu amene anawasunga kumeneko ndiye anawaononga. Anawatengera ku fakitale ina kumapiri, nawaphunzitsa kuti wisiki sagugudiza ngati masese. Umayamba wamuyang'ana, kenako kumununkhiza, ukatero n'kuika kadontho pa lilime, ndipo ukamuthira timadzi pang'ono amamasuka n'kutulutsa zonse zimene anabisa. Anawauzanso kuti wisiki weniweni ndi wophikidwa ndi chimera cha balere chokhachokha, pa fakitale imodzi, wosasakaniza ndi wa kwina, ndipo amagona m'migolo yamatabwa zaka ndi zaka. Pa zonsezi a Overton anaonjezapo lamulo lawolawo, loti wisiki wosakwana zaka khumi ndi ziwiri ndi khanda, ndipo munthu wamkulu sakambirana ndi khanda. Mpingo unawaimitsa pa mgonero kangapo chifukwa cha maphunziro amenewa, mpaka unatopa nawo.

Mng'ono wawo, a Raphael, anali wosiyana nawo kutalitali. Anali mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo chibadwire, ndipo ulendo wawo wautali unali wa ku okushoni ya fodya ku Mzuzu. Koma anali ndi chinthu chimodzi chimene a Overton analibe, ana. Kwa a Raphael nyumba inadzaza mpaka ena kumagona kukhitchini, pomwe kwa a Overton ndi akazi awo, NyaKumwenda, kunali zii. Ndiye chaka china cha njala a Overton anakatengako kamtsikana kamodzi, Kezia, kasanayambe n'komwe sukulu. Fizi, yunifolomu, malungo, masamu a pakhonde, zonse zinagwera iwo, ndipo sanadandaulepo. Kezia ankaitana amuna awiri onsewa kuti adada, monga mwambo unenera, koma a Overton mumtima mwawo ankadziwa kuti adada enieni ndi ati.

Mtsikanayo atapata mwayi wokaphunzira za ulimi wa mpunga ku Japan, ndi a Overton amene anamuperekeza ku bwalo la ndege. Anamaliza maphunziro n'kupeza ntchito konko, ndipo Lamulungu lililonse anthu akaweruka ku tchalitchi foni yawo inkalira. NyaKumwenda atamwalira, foni imeneyi ndiyo inatsala yowakumbutsa kuti akadali kholo la munthu.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, a Raphael anatulukira akukankha njinga, kumbuyo atamangirira thumba la feteleza. Asanalowe pa geti anaunguzaunguza kaye ngati wakuba nkhuku.

"Monire, akulu."

"Yewo," anayankha a Overton. "Mwandibweretsera mbatata kodi?"

"Tiyeni kuseri. Pano pamadutsa anthu a mpingo."

Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, a Raphael anamasula thumba lija. Poyamba anatulutsa kaphukusi kakang'ono n'kupatsa akulu awo. Munali masokosi ndi kachowengera zikhadabo konyezimira, zochokera kwa Kezia. A Overton anamwetulira, natembenuzatembenuza kachowengerako. Kenaka a Raphael anatulutsa kabokosi ka matabwa oyera, kosalala bwino, kopanda ngakhale msomali umodzi, ndipo atakatsegula munali botolo. Pa chivindikiro cha kabokosiko panali zolemba za dzanja la Kezia, dzanja limene a Overton analiwongola okha ndi rula: Kwa adada, Raphael Luhanga.

Kumwetulira kuja kunazima.

"Mwana wapeza munthu," anatero a Raphael. "Dzina lake ndi Noboru. Akuti ntchito yake ndi yomweyi, yophika mowawu, pa kafakitale kena kakang'ono kumapiri a kwawoko. Uwu ndi woyamba umene waphika ndi manja ake, ndiye watumiza kwa wiske wa mkazi, ine bambo womubereka. Akufuna kulowa m'banja mwathu."

Apa m'pamene a Overton anamvetsa zimene Kezia ankatanthauza masabata apitawo pamene anati kuli kankhani, koma kadzera njira yake. Njira yakeyo ndi imeneyi, yodzera kwa Raphael. Iwo ankadziwa bwino kuti mwanayo sanalakwe, nkhani ya ukwati imayambira kwa wobereka. Koma kudziwa ndi kwina, kuwawa ndi kwina. Munthu amene anamuphunzitsa Kezia kusiyanitsa fungo la wisiki ndi la palafini walandira masokosi. Botolo lapita kwa munthu woti ngakhale thobwa likagonera amalithawa.

"Nanga mwabwera nalo kuno kudzatani, poti ndi lanu?" anafunsa a Overton.

"Akulu, kwathu kuno munthu akafuna mwana wako amatuma thenga, ifenso n'kutuma wathu kukazonda kwawo, ngati kuli nkhokwe, ngati si anthu a ndewu. Tsono ku Japan titumako njani? Thenga wake ndi ameneyu, ndipo ine chilankhulo chake sindichimva. Mumulawe inu, mundiuze kuti munthu amene wapanga ichi ndi wotani. Chimene munene ndi chimene ndikamuyankhe mwana."

A Overton analowa m'nyumba, natulutsa tambula yawo ya alendo olemekezeka, supuni ndi kajagi ka madzi a mumtsuko. Anavala magalasi n'kulinyamula botolo lija moyang'anitsa kudzuwa. Zolemba zambiri zinali za Chijapani, zangati mapazi a nkhuku pa fumbi, koma pansi panali mizere ya Chingerezi. Chimera cha balere chokhachokha, fakitale imodzi, zaka zitatu.

Mtima wawo unakhala pansi. Zaka zitatu basi. Sipafunikanso kunama, anaganiza choncho, khandali lidzichititsa lokha manyazi.

Anathira pang'ono. Wisikiyo anali wotuwira ngati udzu wofolerera nyumba, chizindikiro china cha ubwana. Anapukusa tambula, naika mphuno moyembekezera fungo lobaya la kachasu. Silinabwere. Kunabwera fungo la masuku akupsa, oti angotoledwa kumene m'tchire, pambuyo pake uchi, ndipo patali kautsi kochepa kwambiri. Ananunkhizanso, poganiza kuti mphuno yakalamba. Masuku aja anali pomwepo.

Anaika kadontho pa lilime. Kaukali kaubwana kanalipo ndithu, kanawatsina pang'ono m'mbali mwa lilime, koma kanadutsa msanga n'kusiya kukoma kofewa kumene kanatsetsereka pakhosi popanda kukanda. Anathira madzi a pa nsonga ya supuni, nadikira monga anaphunzirira. Atalawanso, wisikiyo anamasuka kwathunthu, ndipo atameza kukomako kunakana kuchoka m'kamwa. A Overton anali atamwapo ambiri a zaka khumi ndi ziwiri oti sangaime pafupi ndi ameneyu. Lilime lawo linali lisananamepo, ndipo linawauza mosabisa kuti amene anaphika mowawu ndi munthu wodekha, waukhondo, wosaba nthawi pa ntchito. Munthu wotere ukhoza kumupatsa mwana wako n'kugona tulo.

Anakwiya naye mnyamatayo chifukwa chodziwa ntchito. Komabe mawu oyamikira anali atafika kale pa milomo, chifukwa chinthu chokoma n'chovuta kuchinyoza chikadali m'kamwa. Akanangokhala chete a Raphael, nkhani ino bwenzi itathera pomwepo. Koma a Raphael anali akusisita kabokosi kaja ndi chikhato chawo chokhakhala, maso ali pa dzina lawo.

"Mwana wanga wandilemekeza chomene," anatero chapansipansi. "Chinthu kuuluka mtunda wonsewo, dzina langa lili pamwamba. Kubereka n'kwabwino, akulu."

Nsanje ndi nthenda yopanda ulemu, imagwira ndi munthu wa magalasi yemwe. A Overton anaika tambula pansi pang'onopang'ono, napukuta milomo ndi mpango.

"Wiske Kezia, mukufuna chilungamo?"

"Ndicho ndadzera."

"Mowawu ndi wosakhwima. Mwaona apa, zaka zitatu. Ku Scotland wotere satuluka n'komwe pa geti la fakitale, amatsukira migolo. Kabokosi n'kokongola, inde, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere."

"Ndiye kuti munthu wake?"

"Wopupuluma. Wokolola chimanga chili chiwisi. Ngati walephera kudikira mowa kuti ukhwime, mkazi akadzadwala adzamudikira? Ndiponso wakuonani ngati munthu wakumudzi woti sangazindikire. Ine ndingati wakuchepetsani."

Mawuwo anatuluka bwinobwino, mwa mphunzitsi wamkulu, ndipo kwa kanthawi a Overton anamva kukoma kuona nkhope ya mng'ono wawo itagwa. A Raphael anayang'anitsitsa nkhope ya akulu awo. Kenaka anagwedeza mutu, natenga botolo.

"Lisiyeni pompano," anatero a Overton mwachangu. "Kwanu lingakuyambitsireni milandu ku mpingo."

"Yayi, akulu. Ndingakusiyireni bwanji chinthu choipa, inu munazolowera zabwino?"

Anapita pa mpanda wa nkhadze, natsegula botolo n'kulipendeketsa. A Overton anaima chilili, akumva wisiki akulira kulowa m'dothi louma. Fungo la masuku linadzaza kuseri konse. Nkhuku zinathamangirapo, zinajompha dothi lonyowalo n'kuchokapo. Anafuna kukuwa kuti basi, siyani, koma akanatero akanayamba ndi kufotokoza chifukwa chake. A Raphael anagwedeza botolo kuti madontho omaliza agwe, nalibwezera m'thumba. Anati mayi akunyumba azisungiramo mafuta ophikira.

Atapita, a Overton anabwerera pansi pa mango. M'tambula munatsala timadontho, ndipo anatimwa mobisa ngati pali wina akuwaona.

Lamulungu lotsatira anakhala pakhonde foni ili pa bondo. Anthu anaweruka ku tchalitchi, anadutsa, anawapatsa moni, msewu unatha anthu. Foni sinalire. Anaipititsa kwa wokonza mafoni pa msika kuti aone ngati yafa, ndipo anauzidwa kuti ilibe vuto lililonse. Lamulungu linalo zinali chimodzimodzi. Pamapeto pake anaimba okha.

"Adada, muli makora?" anayankha Kezia. Mawu anali aulemu, koma ozizira ngati madzi a m'mawa.

"Ndili makora, mwana wanga. Wangoti zii."

"Ntchito yachuluka. Masokosi anakukwanani?"

"Anandikwana."

"Chabwino. Ndamva maganizo anu pa nkhani ija, adada andiuza zonse. Ine ndinkamuuza Noboru kuti kwathu kuli munthu mmodzi amene lilime lake silinama. Iye anadikira yankho lanu osadya bwino. Ndamuuza monga munanenera."

Apa panali pabwino ponenera zoona. Koma mawu oti adada andiuza anawabaya a Overton. Adada ake ati? Anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, aziganiza mofatsa. Kezia anati yewo, nadula foni.

Zotsatira zake ankazimvera kwa anthu, pa chigayo ndi pa sitolo, monga amamvera munthu wapadera. Akuti Kezia akuimbira a Raphael pafupifupi tsiku lililonse. Akuti Kezia analira, a Raphael anakana, analiranso, ndipo mnyamata uja anaphunzira moni wa Chitumbuka n'kuwapatsa a Raphael pa foni ya kanema atagwada. Bambo ndi mwana, amene kale nkhani zawo zinkathera pa moni ndi za mvula, tsopano ankacheza mpaka foni kutha moto. A Overton akamva zimenezi chakudya chinkawakanika. Chitsime anakumba ndi iwo, akumwa ndi wina, ndipo njira yopita pachitsimepo analambula okha ndi pakamwa pawo.

Mvula yoyamba itagwa, a Raphael anaitanitsa abale. Pamaso pa onse ananena kuti akulu awo anaukayikira ukwatiwu, ndipo mawu a akulu sanyozedwa, koma iwo monga wobereka apemphera, ndipo mtima wawauza kuti avomere. Azimayi analuluta. Wina anayamikira a Raphael kuti ndi kholo lomvetsa, wina anayang'ana a Overton cham'mbali. Ng'ombe za malowolo zinagulidwa ku Hewe kudzera mwa msuweni wina, zinalowa m'khola la a Raphael, ndipo kunamveka kuti ukwati ukachitikira ku Japan. Matikiti a ndege anabwera awiri, ya a Raphael ndi ya akazi awo.

Ku Bolero nkhani ya Scotland inafa tsiku lomwelo. Aliyense ankafunsa za Japan, ndipo wofunsidwa anali mlimi wa fodya.

Kutatsala pang'ono kuti anyamuke, a Raphael anabweranso, ulendo uno osaunguzaunguza.

"Akulu, mwana akuti kumeneko tikafika nthawi ya chisanu choopsa. Ndimati mundibwereke chijasi chanu chija munabwera nacho ku ulendo."

A Overton analowa kuchipinda. Anatsegula sutikesi ya pansi pa bedi, natulutsa chijasi chakuda, cholemera, chonunkha mankhwala a njenjete. Ku Bolero chinali chisanavalidwepo chifukwa cha kutentha, ankangochiyanika kamodzi pa chaka kuti anthu achione. Anachibweretsa pabalaza atachinyamula ndi manja awiri.

"Za ine sananene kanthu?" anafunsa, akuyesa kulankhula ngati nkhani wamba.

"Anati adada walala, kunena inuyo, asavutike ndi ulendo, poti nkhaniyi sanaikondwerere."

A Overton anakhala pa mpando. Manyazi amene anawasunga miyezi yonseyi anawachepera poyerekeza ndi mantha oti mwana wapita ndithu.

"Raphael," anatero, kuitana dzina limene anasiya kulitchula mng'ono wawoyo atangokwatira. "Mowa uja unali wabwino. Sindinalawepo wotere, ngakhale ku Scotland. Mnyamatayo ndi munthu wa ntchito. Ndinanama chifukwa botolo linalembedwa dzina lako."

Ankayembekezera kuti a Raphael adzidzimuka, kapena akalipa. Iwo anangopitiriza kupisa mkono m'chijasi.

"Ndinadziwa, akulu."

"Unadziwa?"

"Tinakulira mbale imodzi. Nkhope yanu mukamadya chokoma ndimaidziwa, ngakhale mutaikwinya bwanji."

"Nanga bwanji unakamuuza mwana zimene zija? Bwanji unautaya?"

A Raphael anapisa mkono winawo, nakoka chijasi kuti chikhale bwino m'mapewa. Polankhula sanakweze mawu.

"Zaka zonsezi, mwana wanga akaitana kuti adada ife tili pamodzi, ine ndinkayang'ana kumbali kuti muyankhe ndinu. Pa sukulu, pa chikondwerero cha mayeso, pa tsiku lonyamukira ku Japan. Munamulera, sindikana, ndipo ndinkathokoza. Koma musaganize kuti nsanje inabadwira inu nokha. Ine sindinaname, akulu. Ndinamuuza mawu anu ndendende, sindinaonjezepo ngakhale limodzi."

Panja ng'ombe za munthu wina zinkadutsa mumsewu, belu likulira. A Overton anayang'ana mng'ono wawo ataima pakati pa balaza, thukuta lili kamukamu, atavala chijasi chimene chinamukwana ngati anachita kumuyeza.

"Ukafika ukamuuze," anatero a Overton. "Ukamuuze Kezia kuti ndinanama. Ukamuuzenso mnyamatayo."

A Raphael anamanga batani lomaliza, nasisita kolala.

"Ndikaona, akulu," anatero. "Masiku a ukwati amachuluka zochita."

Anavula chijasi, nachipinda bwinobwino, n'kukachimangirira kumbuyo kwa njinga.